Nyumba ya lendi: zofunika kuzimvetsa musanapereke ndalama

Mikangano yambiri ya eni nyumba ndi anthu okhala pa lendi imabuka pa tsiku losamuka, koma gwero lake limakhala tsiku lolowa. Wosamuka akuti khoma analipeza long'aluka kale, mwini nyumba akuti analisiya labwinobwino. Uyu akuti ndalama imene anapereka poyamba inali lendi ya mwezi womaliza, winayo akuti inali yokonzera zowonongeka. Nthawi zambiri palibe amene akunama dala. Aliyense akunena zimene akukumbukira, kungoti palibe chimene chinalembedwa.

Wofuna nyumba amakhala ndi mphamvu zambiri asanalipire. Pa nthawi imeneyo angathe kufunsa, kunenerera, ngakhale kutembenuka n'kukafuna kwina. Akangolipira n'kulowetsa katundu, chimene chatsala kumuteteza ndi zimene zili pa pepala ndi zimene lamulo la dziko lake likunena. Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, choncho amene atchulidwe pano ndi zitsanzo chabe za mmene ena anakonzera nkhaniyi. Mafunso ofunika kudzifunsa ndiye ndi amodzimodzi kulikonse.

Kuchita lendi n'chiyani kwenikweni?

Anthu ambiri amaona kukhala pa lendi ngati kusungidwa, ngati kuti mwini nyumba wawachitira chifundo. Lamulo silimaona choncho. Kuchita lendi ndi malonda: inu mumapereka ndalama, iye amakupatsani ufulu wokhala m'nyumbamo kwa nthawi imene mwagwirizana. Nyumba imakhalabe yake, koma pa nthawiyo ndi pakhomo panu. N'chifukwa chake m'maiko ambiri mwini nyumba, amene ambiri amati landilodi, saloledwa kungotsegula chitseko n'kulowa chifukwa choti ali ndi kiyi wina. Ku England, akafuna kudzaona mmene nyumba ilili, ayenera kulembera wokhalamo kutatsala maola osachepera 24.

Udindo uli mbali zonse ziwiri. Mwini nyumba apereke nyumba yoti munthu n'kukhalamo bwino ndipo azikonza zikuluzikulu zikawonongeka. Wokhalamo alipire pa nthawi yake, asamale nyumba, asasowetse anzake mtendere. Mgwirizano wapakamwa nawonso umagwira ntchito m'maiko ambiri. Vuto lake limaoneka zinthu zikasokonekera, chifukwa woweruza amafuna umboni, ndipo mawu oti "tinagwirizana" aliyense angathe kuwanena.

Chimene mwini nyumba amafuna kudziwa za inu

Kaya akupatsani fomu ya masamba anayi kapena angocheza nanu pakhonde, mwini nyumba akufuna mayankho a mafunso atatu: kodi munthuyu azilipira, azisamala nyumba, nanga azikhala bwino ndi anthu oyandikana nawo? Mapepala onse amene amafunsidwa amayankha limodzi la mafunso amenewa. Chiphaso chimatsimikiza kuti ndinudi amene mukunena. Mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi, kalata ya ku ntchito kapena sitetimenti ya ku banki zimasonyeza ndalama zimene mumapeza. Mawu a landilodi wanu wakale amasonyeza khalidwe lanu. M'maiko ena amafufuzanso mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole.

Kumene ofuna nyumba ndi ambiri, amene wabwera ndi mapepala onse m'manja ndiye amatsogola, chifukwa mwezi uliwonse umene nyumba ikhala yopanda munthu, mwini wake akuluza. Ochita bizinesi yawo, amene alibe pepala la malipiro, angasonyeze mmene ndalama zakhala zikulowera ku akaunti yawo kwa miyezi ingapo. Ngati munasiya ngongole kwina kapena munachedwapo kulipira, ndi bwino kuzinena nokha n'kufotokoza chifukwa chake kusiyana n'kuti azimve kwa ena. Koma kumasuka kuli ndi malire. Palibe mwini nyumba amene ali ndi chifukwa chofunira nambala yanu yachinsinsi ya ku banki, ndipo m'maiko ambiri n'kulakwira lamulo kukana munthu nyumba chifukwa cha mtundu wake kapena chipembedzo chake. Ku United States lamulo loletsa tsankho lotere linakhazikitsidwa mu 1968.

Pali langizo lotchuka loti lendi isapitirire 30 peresenti ya ndalama zimene mumapeza. Chiwerengerochi chinachokera ku United States komweko: mu 1969 lamulo limene linatchedwa dzina la phungu wa nyumba ya malamulo Edward Brooke linati okhala m'nyumba za boma asalipire zoposa 25 peresenti ya zimene amapeza, ndipo mu 1981 anakweza kufika pa 30. Choncho si chiwerengero chochokera kumwamba ayi. Kwa wolandira zambiri 30 peresenti ndi yopepuka, kwa wolandira zochepa ikhoza kutanthauza kugona ndi njala. Chofunika kwambiri n'kuwerengera zonse pamodzi: lendi, madzi, magetsi, zinyalala, chitetezo, ndi ndalama zoyendera. Nyumba yotsika mtengo yomwe ili kutali ndi ku ntchito nthawi zina imadya ndalama zambiri kuposa yodula yapafupi.

Ena amapemphedwa kubweretsa munthu wowaimira, wolonjeza kuti adzalipira iwo akalephera. Amene akusaina ngati woimira mnzake adziwe kuti si mboni chabe. Lendi ikapanda kulipidwa, ngongoleyo ndi yake.

Kukaona nyumba, ndiponso kuona amene akukuonetsaniyo

Zithunzi zimasonyeza zimene wojambula wafuna kuti muone. Pitani nokha, masana, ndipo ngati n'kotheka mubwererenso madzulo kuti mumve phokoso la malowo ndi kuona ngati njira ili yowala. M'nyumbamo musachite manyazi. Tsegulani mipopi yonse, gujumulani chimbudzi, yesani masoketi ndi tchaja ya foni, tsegulani ndi kutseka mawindo ndi maloko. Yang'anani kudenga: mawanga achikasu kapena akuda pa siling'i amanena za mvula ngakhale mwapita nthawi ya dzuwa. Fungo la chinyontho ndi nkhungu m'makona zisakupiteni, ndipo khoma limodzi lokha likakhala ndi penti watsopano, funsani chifukwa chake.

Funsani za mamita. Ngati mita ya madzi kapena magetsi ndi imodzi ya mabanja angapo, dziwani mmene bilu imagawidwira, chifukwa apa ndi pamene anthu oyandikana amayambanirana kwambiri. Funsaninso ngati amene anatuluka sanasiye ngongole. Ndipo mukapeza mpata wocheza ndi wina wokhala pamalopo mwini nyumba palibe, mphindi zisanu zimenezo zidzakuuzani zambiri kuposa fomu iliyonse: madzi amasiya kangati, zowonongeka zimakonzedwa msanga kapena ayi, amene anatuluka anachokeranji.

Chinyengo cha nyumba chimafanana pafupifupi kulikonse. Munthu amatenga zithunzi za nyumba ya eni ake n'kuziika pa intaneti ndi mtengo wotsika modabwitsa. Mukamuimbira amati ali kutali, makiyi atumiza mukalipira, ndipo fulumirani chifukwa ofuna ndi ambiri. Njira ina ndi yovuta kuizindikira: nyumba iliko ndithu, mwalowamo n'kuiona, koma wokuonetsaniyo ndi munthu amene akusamukamo kapena wongoyang'anira, ndipo walandira ndalama kwa anthu angapo pa nyumba imodzi yomweyo. Choncho kuona nyumba sikokwanira. Dziwani mwini wake weniweni, ndipo ngati mukukambirana ndi ejenti, amene ndi mkhalapakati wopezera anthu nyumba, asonyeze umboni woti mwiniwakeyo anamutuma. Dzina la pa akaunti imene mukulipirako lifanane ndi dzina la pa mgwirizano. Kumbukiraninso kuti ejenti amapindula nyumba ikapeza munthu, ndiye mawu ake okometsera muziwamva ndi khutu limodzi.

Mgwirizano: werengani musanasaine

Mgwirizano wabwino sufunika kukhala wautali. Ukhale ndi maina a mbali zonse ziwiri, malo amene nyumba ili, kuchuluka kwa lendi, tsiku lolipira ndi njira yolipirira, kutalika kwa nthawi, amene azilipira madzi ndi magetsi, amene azikonza chiyani, ndi notisi, kutanthauza nthawi imene mbali imodzi iyenera kudziwitsiratu inzake isanathetse mgwirizano.

Pa kutalika kwa nthawi pali mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi ubwino ndi kuipa kwake. Mgwirizano wa nthawi yoikika, monga chaka chimodzi, umakupatsani mtendere wa mumtima chifukwa kawirikawiri lendi sikwera ndipo simungatulutsidwe popanda chifukwa nthawiyo isanathe. Koma umakumangani inunso. Ntchito ikakusamutsani pa mwezi wachinayi, mukhoza kufunsidwa lendi ya miyezi yotsalayo, pokhapokha ngati mgwirizano uli ndi ndime yolola kuchoka msanga kapena lamulo la kwanuko likuloleza. Wa mwezi ndi mwezi ndi womasuka, koma kumasukako kuli kwa onse awiri: mwini nyumba nayenso angathe kukupatsani notisi mosavuta.

Onani zimene mgwirizano ukunena pa kukweza lendi: kangati, ndi zingati, ndipo adzakudziwitsani liti. Maiko ena anaika malire. Ku Germany, kawirikawiri kukweza lendi sikuyenera kupitirira 20 peresenti pa zaka zitatu, ndipo m'mizinda ina malire ndi 15. Kumene kulibe lamulo lotere, chokutetezani ndi ndime ya mu mgwirizano yokha.

Ochita lendi limodzi ndi anzawo asamale ndi mawu onena kuti onse ali ndi udindo pa lendi yonse. Tanthauzo lake n'lakuti mnzanu akathawa, mwini nyumba angathe kufuna ndalama yonse kwa inu amene mwatsala. Onaninso za alendo okhalitsa, ziweto, kuchita bizinesi pakhomo, ndi kulowetsamo munthu wina kuti azikulipirani inu, zimene eni nyumba ambiri amaletsa popanda chilolezo chawo.

Malonjezo onse apakamwa alowe m'pepala. "Tidzapenta mukalowa" ndi mawu amene amaiwalika msanga lendi yoyamba ikangolandiridwa. Lembani chimene chidzakonzedwe ndi tsiku lake. Musasaine pepala lokhala ndi mipata yosalemba, ndipo mutenge kope lanu losainidwa ndi onse. Ndime yosemphana ndi lamulo, monga yonena kuti mukachedwa kulipira adzakutulutsirani katundu panja, m'maiko ambiri ilibe mphamvu ngakhale munasaina, komabe imakuuzani mtundu wa munthu amene mukufuna kukhala m'nyumba mwake.

Dipoziti ndi ndalama yanu

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, chifukwa pa tsiku lolowa munthu amatha kupereka ndalama za mitundu itatu nthawi imodzi. Yoyamba ndi yogwirira nyumba kuti asapatse wina pamene mapepala akukonzedwa. Yachiwiri ndi lendi yolipiriratu, ya mwezi umodzi kapena ingapo, imene imatha pamene mukukhala. Yachitatu ndi dipoziti, chikole chimene mwini nyumba amasunga kuti adzachotsepo ngati mwawononga zinthu kapena mwasiya ngongole. Lendi ikaperekedwa ndi yake. Dipoziti imakhalabe yanu, iye ndi wosunga chabe. Risiti iliyonse inene momveka kuti ndalamayo ndi ya chiyani, ndipo pa yogwirira nyumba mufunsiretu ngati idzabwezedwe mukasintha maganizo kapena akakukanani.

Chifukwa choti dipoziti imabweretsa milandu yambiri, maiko ena anaiikira malamulo okhwima. Ku Germany siyenera kupitirira lendi ya miyezi itatu, wolowa angathe kuipereka m'magawo atatu, ndipo isungidwe payokha osasakaniza ndi chuma cha mwini nyumba. Ku France malire ndi mwezi umodzi pa nyumba yopanda katundu, miyezi iwiri pa yokhala ndi katundu kale. Ku England, kuyambira mu 2007 dipoziti iyenera kutetezedwa kudzera m'mabungwe ovomerezedwa ndi boma, ndipo lamulo la mu 2019 linati pa nyumba zambiri isapitirire lendi ya milungu isanu. Ku South Africa lamulo la mu 1999 limati isungidwe mu akaunti yobala chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'cha wokhala pa lendi. Malamulo onsewa akuyesa kuthetsa vuto limodzi: mwini nyumba kudya dipoziti tsiku lomwe wailandira, kenako pa tsiku lobweza n'kuyamba kufunafuna zifukwa.

Nanga ndi zowonongeka ziti zimene angachotsere ndalama? Lamulo limasiyanitsa kutha kwa zinthu chifukwa chogwiritsidwa ntchito bwinobwino ndi kuwononga. Mukabwereka njinga kwa chaka chathunthu n'kumalipira, mwini wake sangadabwe kuti matayala aperepeseka, chifukwa ndi zimene munalipirira. Koma mukaibweza itapindika foloko, mulipira. M'nyumba n'chimodzimodzi: penti kufwifwa, pansi kuperepeseka podutsa anthu, mpopi kuyamba kudontha chifukwa cha ukalamba, zonsezi zili kale mu lendi. Galasi losweka, chitseko chothyoka, khoma lobooledwa paliponse, zimenezo ndi zanu. Ngakhale pamene mwawonongadi, m'maiko ambiri mwini nyumba sayenera kupindulirapo. Chinthu chimene chinali chakale kale sichilipitsidwa pa mtengo wa chatsopano.

Eni nyumba nawo ali ndi dandaulo lomveka. Alipo anthu amene amasiya kulipira mwezi womaliza n'kunena kuti "mudye dipoziti", kenako n'kusiya nyumba yowonongeka popanda chokonzera. Pokhapokha mutagwirizana molemba, dipoziti si lendi ya mwezi womaliza.

Tsiku lolowa

Ola limodzi la tsiku limeneli ndi limene lidzagamule za dipoziti yanu zaka zikubwerazo. Musanalowetse katundu, yendani chipinda ndi chipinda pamodzi ndi mwini nyumba kapena womuimira, mukulemba mmene chilichonse chilili: ming'alu, mawanga, matailosi osweka, mababu osayaka, chiwerengero cha makiyi. Jambulani zithunzi ndi vidiyo, kuphatikizapo manambala a pa mamita. Nonse musaine pepalalo, ndipo zithunzizo mumutumizire tsiku lomwelo pa uthenga wa pa foni kapena imelo, kuti tsiku lake lidzaoneke. Ku France ndi ku South Africa kuyendera limodzi kotere kuli m'malamulo. Lamulo la ku South Africa limafika ponena kuti mwini nyumba akapanda kuyendera nyumba pamodzi ndi wokhalamo, zimatengedwa kuti wavomereza kuti nyumbayo ili bwino, ndipo abweze dipoziti yonse.

Ena amaopa kuti kuchita zimenezi kuoneka ngati kukayikira mwini nyumba. Koma pepalali limateteza iyenso, ndipo landilodi wachilungamo sakhala ndi chifukwa cholikanira.

Zinthu zikawonongeka muli momwemo

Kawirikawiri denga, makoma, mapaipi, mawaya a magetsi ndi ngalande za zonyansa ndi udindo wa mwini nyumba. Zing'onozing'ono monga kusintha babu, kusesa ndi kusamala pabwalo ndi za wokhalamo. Mukaona vuto nenani msanga, ndipo ngakhale mwalankhula pakamwa, tsatizani ndi uthenga wolemba wokhala ndi chithunzi. Kudontha kwakung'ono kumene simunanene kukawoletsa siling'i, mbali ina ya mlanduwo ikhoza kugwera inu.

Mwini nyumba akamazengereza, ambiri amaganiza zongosiya kulipira. Mkwiyowo ndi womveka, koma njirayi ndi yoopsa: m'maiko ambiri imakusandutsani wangongole, n'kumupatsa iye chifukwa chokutulutsirani. Kumene lamulo limalola kuchepetsa lendi kapena kukonza nokha n'kuchotsera pa lendi, pamakhala ndondomeko yoyenera kutsata. Chosavuta n'kugwirizana molemba musanaitane mmisiri, n'kusunga marisiti onse. Chimodzimodzinso kupenta, kumanga kapena kusintha maloko: pemphani kaye, ndipo mumvane ngati ndalamazo zidzabwezedwe.

Lendi ikavuta, ndi nkhani yotulutsidwa

Mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, lankhulani tsiku lolipira lisanafike, mutanena zimene mungathe kupereka ndi tsiku lomalizira zotsalazo. Eni nyumba ambiri nawo ali ndi ngongole zawo zimene amadalira lendi yomweyo, ndipo chimene chimawapsetsa mtima kwambiri ndi munthu wozemba foni. Kupezanso munthu wina wolowa kumawadyera nthawi ndi ndalama, choncho ambiri amalolera kumvana ndi amene wakhala akulipira bwino. Lipirani m'njira yosiya umboni nthawi zonse. Mukapereka pamanja, risiti ituluke pomwepo.

Kukhala ndi ngongole sikuchotsa ufulu wonse. M'maiko ambiri mwini nyumba sangasinthe maloko, kudula madzi ndi magetsi, kuchotsa zitseko kapena kutaya katundu panja kuti munthu achoke. Ayenera kupereka notisi, ndipo wokhalamo akakana kutuluka, apite ku khothi. Malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 amanena kuti munthu asatulutsidwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khothi. Ku France, kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March, nyengo yozizira, anthu ambiri satulutsidwa ngakhale chigamulo chilipo, koma ngongole ya lendi imapitirira kuwerengedwa. Mukalandira masamoni musawabise pansi pa pilo. Wosapita ku khothi amaweruzidwa iye kulibe.

Potuluka

Perekani notisi molemba, motsatira nthawi imene ili mu mgwirizano, ndipo onetsetsani ngati iyenera kuyambira pa tsiku lolipira lendi, chifukwa kuphonya ndi masiku awiri kungakulipitseni mwezi wina wathunthu. Konzani zimene munawononga, yeretsani nyumba, lipirani mabilu, kenako muyenderenso nyumbayo limodzi ndi mwini wake mutanyamula pepala ndi zithunzi za tsiku lolowa zija. Jambulaninso zonse nyumba ili yopanda katundu, ndi mamita omwe.

Ngati akuchotsa ndalama pa dipoziti, pemphani mndandanda wa zimene wachotsera ndi marisiti ake. Maiko ena anaika nthawi yobwezera: ku South Africa ndi masiku 7 ngati palibe chochotsa, ku France ndi mwezi umodzi ngati nyumba ili mmene inalili polowa, miyezi iwiri ngati pali kusiyana. Kumene lamulo silinena, tsikulo likhale mu mgwirizano. Mukasemphana, yambani ndi kalata yofotokoza ndalama imene mukufuna ndi tsiku loti ikhale itabwezedwa. Zikakanika, maiko ambiri ali ndi mabwalo a milandu ing'onoing'ono kapena mabungwe oweruza nkhani za lendi, kumene munthu angathe kudziyankhulira yekha popanda loya.

Makiyi musawasiye kwa woyandikana naye nyumba kapena pansi pa chitseko. Aperekeni m'manja mwa mwini nyumba kapena womuimira, ndipo asaine kuti walandira makiyi angati, pa tsiku liti, chifukwa malinga ngati makiyi ali kwa inu, angathe kunena kuti simunatuluke n'kupitiriza kuwerengera lendi.